Uchi ndi Mankhwala Omeretsa Mnofu

Msodzi wa ku Kachulu akabayidwa ndi munga wa mlamba, kapena mayi wowamba matemba akapsa dzanja, chilonda nthawi zambiri chimapola chokha. Zovuta ndi zilonda zokana kutseka, makamaka za m'mapazi mwa odwala shuga. Pa zoterezi tiyerekeze njira ziwiri: uchi, ndi mankhwala a timapuloteni totchedwa growth factors, tomwe timauza maselo kuti achulukane.

Uchi sulamula maselo, umangokonza malo. Shuga wake amayamwa madzi m'tizilombo, ndipo ukasakanikirana ndi madzi a pachilonda umatulutsa hydrogen peroxide pang'onopang'ono. Mu 2007 madokotala a ku Blantyre anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti uchi umachepetsa tizilombo pachilonda kuposa shuga wamba. Timapuloteni tija sitipha tizilombo, timangoitana mnofu. Becaplermin, mmodzi mwa mankhwala oterewa, amene bungwe la FDA ku America linamuvomereza mu 1997, amakokera pachilonda maselo opanga mnofu watsopano, koma pamafinya sathandiza kwenikweni.

Zonse ziwiri zimalimbana ndi nthawi. Uchi umasukuluka chilonda chikamachucha, motero bandeji imafunika kusinthidwa pafupipafupi. Timapulotenito timaphwanyidwa msanga ndi ma enzyme odzaza m'chilonda chokhalitsa, n'chifukwa chake becaplermin amapakidwa tsiku lililonse. Ofufuza tsopano akutsekera timapulotenito m'zinthu zonga phala loundana kuti tizituluka pang'ono pang'ono kwa masiku angapo. Mlimi wa mpunga pa sikimu ya Likangala sangadabwe nazo: chigumula cha tsiku limodzi sichikulitsa mbewu monga madzi a m'ngalande.

Kusiyana kwake kukuonekera pa kasungidwe. Becaplermin amafuna firiji ndi ndalama zambiri, pamene uchi umakhala m'botolo ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo. Komabe uchi wa pamsika ungakhale ndi njere za tizilombo, pomwe wa kuchipatala amayamba auyeretsa ndi cheza cha gamma. Kutsika mtengo sikuuchotsera chiopsezo.

Chondivutitsa maganizo ndi mtunda. Wodwala wa pa chilumba cha Chisi amakwera bwato mpaka ku Kachulu, kenako galimoto mpaka ku chipatala cha Zomba Central. Bandeji yotulutsa mankhwala kwa sabata yathunthu ingathandize iyeyu kuposa wa m'tauni, chonsecho zambiri mwa bandejizi zikuyesedwabe m'malabotale akunja, ndipo uchi, umene angaupeze kwawo, umafunabe munthu wodziwa kutsuka ndi kumanga chilonda.