Ululu wolasa kumsana: pamene tizilombo ta m'matumbo tasochera

Fodya akagulidwa kumsika wa ku Mzuzu, ndalama zimafika m'matumba a alimi a ku Bolero, Mhuju ndi Hewe, ndipo kachasu amayenda malonda. Mwa ochezera mowa, ena amadzuka ndi ululu woopsa pamwamba pa mchombo, wolasa mpaka kumsana, uku akusanza mosalekeza. Akagona chagada ululuwo umakula, akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo umachepako. Achibale sachedwa kunena kuti ndi zilonda za m'mimba, kapena kuti wina wamuthirira chiphe m'mowa. Komatu nthawi zina chotupa chimakhala pancreas, chiwalo cha kuseri kwa chifu chomwe chimapanga insulin ndi madzi ogaya chakudya.

Madzi amenewa amayenera kuyamba ntchito akafika m'matumbo. Akayamba asanatuluke, chiwalocho chimadzigaya chokha. Madokotala amati acute pancreatitis, ndipo zoyambitsa zazikulu ndi mowa ndi timiyala ta m'ndulu. N'chifukwa chake ngakhale mayi yemwe sanalawepo mowa angadwale. Odwala pafupifupi 8 mwa 10 alionse amachira pakatha sabata imodzi, atalandira diripi ndi mankhwala opha ululu.

Otsalawo ndiwo amakumana ndi nkhondo yachiwiri, yochokera m'mimba mwawo momwe. M'matumbo mwa munthu mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ambiri othandiza kugaya chakudya. Chowatchinga kuti asalowe m'magazi ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kokutidwa ndi zoterera, ngati khola la mbuzi lomangidwa ndi bango. Matenda akakula, thupi limachepetsa magazi opita kumatumbo pofuna kupulumutsa mtima ndi ubongo. Kachikopako kamafooka n'kuyamba kudontha. Mabakiteriya abwino amachepa, pomwe E. coli, Klebsiella ndi Enterococcus amaswana, kudutsa pamalo ofookawo, n'kukafika pa mnofu wa pancreas womwe wafa. Pamenepo amapeza chakudya chosalimira. Izi zimachitika kawirikawiri kuyambira sabata yachiwiri: achibale akuti wodwala wayamba kupeza bwino, thupi n'kutenthanso mwadzidzidzi. Imfa zambiri za masiku amenewo zimachokera apa.

Kudziwa zimenezi kunasintha kasamalidwe ka odwala. Kale ankawamana chakudya kwa masiku angapo kuti pancreas ipume. Lero malangizo a madokotala ndi oti wodwala ayambe kudya zofewa msanga, ngakhale tsiku loyamba ngati sakusanza, ndipo wolephera kudya amudyetsere m'kapaipi kodzera m'mphuno. Matumbo anjala ndiwo amafulumira kubooka. Choncho namwino akalola kuti wodwala amwe kaphala, omudikirira asatsutse.

Wina angaganize kuti mankhwala ake n'kungomwetsa wodwala mabakiteriya abwino. Madokotala anayesapo zimenezi ku Netherlands, pa odwala pafupifupi 300 omwe ankaoneka kuti matenda awakulira, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Mwa omwe anapatsidwa mabakiteriyawo, 16 pa 100 anamwalira. Mwa omwe sanapatsidwe, anamwalira 6 pa 100.

Makapusozi nawo sateteza. Madokotala sapereka mankhwala opha mabakiteriya pokhapokha pali umboni woti mabakiteriyawo alowadi. Chizolowezi chathu chogula amoxicillin kapena Flagyl pagolosale mimba ikangopota n'choipa pawiri: chimapha mabakiteriya otithandiza, n'kusiya amakani. Kafukufuku wa magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti E. coli ndi Klebsiella osamva mankhwala akuchulukirachulukira. Amenewa akakhazikika mu pancreas, dokotala amatsala ndi mankhwala ochepa oti asankhepo.

Ululu wotere ukagwira, wa ku Livingstonia, Chitimba kapena Mlowe ali ndi chipatala cha David Gordon Memorial; wa ku Henga ndi ku Nkhamanga athamangire ku Rumphi boma, komwe odwala kwambiri amawatumiza ku Mzuzu Central. Mukafika, muuzeni dokotala mosabisa kuchuluka kwa mowa womwe wodwala anamwa, ola lomwe ululu unayamba, ndi mankhwala alionse omwe wamwa kale, a zitsamba omwe.