Vesak: Chikondwerero cha Abuda Mwezi Ukakhala Wathunthu

Ife Asilamu timadikira kuoneka kwa mwezi watsopano kuti tiyambe kusala Ramadhan kapena tidye Eid. Anzathu a chipembedzo cha Chibuda amadikira kuti mwezi ukhale wathunthu, kawirikawiri mu Meyi, kuti achite chikondwerero chawo chachikulu cha Vesak.

Patsikuli amakumbukira zinthu zitatu zokhudza Siddhartha Gautama, yemwe amamutcha Buddha: kubadwa kwake ku Lumbini m'dziko la Nepal, kuunikiridwa kumene amakhulupirira kuti adalandira patsinde pa mtengo ku Bodh Gaya ku India, ndi imfa yake ku Kushinagar ali ndi zaka 80. Bungwe la United Nations lidavomereza tsikuli m'chaka cha 1999.

Ku Sri Lanka anthu amavala zoyera, amapita ku kachisi ndi maluwa, ndipo usiku amayatsa nyali za mapepala. M'mbali mwa misewu amagawa chakudya chaulere kwa aliyense wodutsa. Malo ogulitsira mowa ndi ophera nyama amatsekedwa.

Ku Indonesia ndi Malaysia, komwe Asilamu ndiwo ochuluka, tsikuli ndi tchuthi. Abale athu kumeneko salambira wina koma Allah yekha, komabe amakhala mwamtendere ndi anansi awo pachikondwererochi. Nafenso tiphunzitse ana athu kudziwa za ena popanda kusiya Chisilamu chawo.