Kontilakitala wa boma agulirenji gireda?

Pa msewu wina wafumbi wopatukira pa Nkando, ku Mulanje, ndinapeza anyamata akukwirira maenje ndi fosholo ndi wilibala. Gireda inabwera tsiku limodzi lokha, yahayala yochokera ku Limbe, madzulo ake n'kubwerera. Mvula itagwa kawiri, maenje aja anayasamanso.

Malume anga agwirapo timakontilakiti totere zaka zingapo, koma sanagulepo ngakhale makina osakanizira simenti. Ine ndinkati n'kuumira basi, mpaka tsiku lomwe anandiwerengera masamu awo. Ntchito ya boma kawirikawiri imapita kwa amene watchula mtengo wotsika, ndiye phindu limakhala lochepa chiyambire. Ukaimaliza, pamatha miyezi ndalama zisanatuluke, uku chiwongoladzanja cha kubanki chikukwera. Komanso kontilakiti imasainidwa m'makwacha pomwe makina amagulidwa ndi madola. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Inuyo mukanatenga ngongole ya gireda?

Zoterezi zinavutaponso ku America. Makampani opanga ndege ndi zida za asilikali ankawerengeredwa phindu makamaka potengera ndalama zomwe ntchitoyo yadya. Ndiye taganizani: ukagula makina atsopano otchipitsa ntchito, phindu lako pa kontilakiti yotsatira limatsikanso. Kusunga makina okalamba kunali kuchenjera. Mu 1976 unduna wa zachitetezo kumeneko unasintha malamulo kuti ndalama zomwe kampani yaika m'zipangizo zake ziziganiziridwa powerengera phindu. Lero malamulo awo otchedwa DFARS amaika mlingo wa 17.5 peresenti pa ndalama zoikidwa m'makina ogwirira ntchitoyo, koma pa malo ndi nyumba amaika ziro. Boma lawo linasankha dala chomwe likufuna kuti makampani azigula.

Kwathu kuno timakonda kunyoza makontilakitala kuti ndi a "chikwama m'manja". Ena ndi akuba ndithu, sindikuwaikira kumbuyo. Koma namondwe Freddy atakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, chinkafunika msanga chinali makina omwe ali pafupi, eni ake ali konkuno.

Malume anga makina anadzagula ndithu, atasiya za matenda a boma. Anagula chigayo. Kumeneko munthu amalipira chimanga chisanalowe.