Babatoni wa ku Mtandire

Kwa zaka zambiri anthu a mu Lilongwe ankangowapitirira amuna aŵiri a ku Mtandire amene ankaimba m'mbali mwa mseu. Yosefe Kalekeni amaimba gitala wa nsambo zinayi, uku akuomba ng'oma ndi chidendene. Yobu Maligwa amaimba babatoni wa nsambo imodzi, amene anapanga yekha ndi mtengo ndi chikopa cha ng'ombe. Aŵiriŵa ndiwo Madalitso Band. M'chaka cha 2017 anaitanidwa kuchikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anakaimba ku Ulaya.

Makolo, mukapeza mwana akukhoma gitala wa chigubu kuseri kwa nyumba, musafulumire kumlanda. Yambani mwakhala pansi ndi kumvetsera.