Nsidze zikayambanso kubaya diso pambuyo pa opaleshoni

M'midzi yozungulira maesiteti a tiyi ku Thyolo, kuyambira ku Makwasa mpaka kutsikira ku Thekerani, muli mphekesera imene ikuwononga maso a anthu achikulire. Akuti munthu amene anamucheka chikope kuchipatala, nsidze n'kudzayambanso kumubaya m'diso, ndiye kuti zake zada. Akuti chikope sachekapo kawiri, ndipo wobwerera kuchipatala amakamuchotseratu diso. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo likuchititsa khungu anthu amene akanatha kupulumuka.

Posachedwapa pa mzere wa odwala maso pachipatala china m'bomali panali mayi wina wachikulire ataphimba diso lakumanzere ndi nsonga ya chitenje. Misozi imangotsika tsaya limodzi lokha. M'khosi anali atavala kachingwe, ndipo pa kachingwepo panalendewera kachitsulo kozulira nsidze, kochita dzimbiri kunsonga. Chikope chawo chinali ndi chipsera chopyapyala cha opaleshoni yakale, koma chakungodya, pafupi ndi mphuno, nsidze zingapo zinali zitapindikiranso m'kati. Diso linali litayamba kuchita mtambo. Mtambo wotere subwera tsiku limodzi. Ndi chizindikiro choti munthu wakhala akupirira kwa nthawi yaitali ali pakhomo.

Pa 21 September 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma, matenda amene amapinda nsidze chonchi, ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuchita zimenezi. Inali ntchito yaikulu, poti mu 2015 anthu 7.6 miliyoni anali pachiopsezo. Unduna wa Zaumoyo, bungwe la Sightsavers, la Queen Elizabeth Diamond Jubilee Trust komanso la BICO la ku Blantyre, lomwe anayambitsa Pulofesa Khumbo Kalua, anagawa mankhwala a Zithromax m'midzi ndi kuchita maopaleshoni a zikope. Chikwawa ndi Nsanje anali ena mwa maboma amene matendawa anazika mizu, ndipo onse awiri anachita malire ndi Thyolo. Anthu amakwera ndi kutsika mapiri a m'malirewa kufuna ntchito, kukwatira ndi kuona abale, zipsera zawo zili m'zikope.

Chimene ambiri sanachimve pa chilengezocho n'chakuti matendawa sanafafanizike. Anangochepa kufika pa mlingo umene WHO inaika: ana a zaka 1 mpaka 9 odwala trachoma akhale osakwana 5 pa 100 alionse, ndipo akuluakulu a nsidze zobaya diso amene achipatala sakuwadziwa akhale osakwana 2 pa 1,000. Zipsera zimene gogo anazitenga ali mtsikana sizinamve chilengezo cha pa wailesi. Zikadali kukoka.

Kukokako n'kumene kumafunika kukumvetsa. M'kati mwa chikope chakumtunda muli kachiwalo kolimbirako, kopyapyala, kamene madokotala amakatcha tarsus. Ndi kamene kamachititsa kuti chikope chikhale chokhazikika bwino pa diso, nsidze zitaloza kunja. Mwana akamadwala trachoma mobwerezabwereza, khungu lofewa la kunsi kwa chikope limatupa n'kupola, kutupa n'kupola, ndipo kupola kulikonse kumasiya chipsera. Chipsera sichikhala chete. Pakamapita zaka chimafupika n'kumakoka kachiwalo kaja, mofanana ndi mmene chikopa cha mbuzi chimapindikira chikamauma padzuwa popanda zikhomo. M'mphepete mwa chikope mumatembenukira m'kati, nsidze n'kugona pa galasi la diso. Munthu amaphethira kopitirira ka 10,000 patsiku, ndipo kuphethira kulikonse ndi kukanda. Galasi likakandika limachita zilonda, zilonda zikapola zimasiya mtambo woyera, ndipo mtambo umenewo si ng'ala yoti akaichotse.

Opaleshoni sichotsa chipsera. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kucheka tarsus mopingasa pafupifupi mamilimita 3 kuchokera m'mphepete, kenako n'kusoka mwa njira yoti mbali yokhala ndi nsidze itembenukire kunja. Ndi ntchito ya mphindi zosakwana 30, wodwala ali maso. Koma popeza chipsera chikadalipo, pali njira zingapo zimene zinthu zingabwererenso. Mchekowo ukafupika osafika m'ngodya, ngodyazo zimatsala zopindika, ndipo nsidze zimayambira komweko, monga zinalili pa mayi aja. Ulusi ukakokedwa mosiyana mphamvu, chikope chimapola mokhotakhota. Nthawi zina dokotala wagwira ntchito yake bwinobwino, koma wodwala anabwera mochedwa chikope chitapindika kwambiri, kapena chipsera chapitiriza kufupika patapita zaka.

Zimenezi si chinsinsi chimene achipatala amabisa. Anaziwerenga n'kuzilemba. Kafukufuku amene anachitika m'chigawo cha Amhara ku Ethiopia pa odwala 1,000, n'kusindikizidwa mu 2016 m'magazini ya The Lancet Global Health, anayerekeza njira ziwiri zochekera. Pakutha kwa chaka, nsidze zinali zitabwerera mwa odwala 22 pa 100 amene anachekedwa chikope chonse kuchokera kunja, ndi 13 pa 100 amene anachekedwa kuchokera m'kati osakhudza khungu lakunja. Ndiye kuti ambiri anachira ndithu. Ndiyenso kuti amene nsidze zamubwerera sanalodzedwe, sanachimwire mizimu, ndipo si yekha.

Palinso zolakwika zina zimene anthu amaziopa kuposa mmene zilili. Kanyama kofiira kamene kamamera kunsi kwa chikope pambuyo pa opaleshoni, kamene ena amafulumira kukatcha khansa, kawirikawiri ndi mnofu wongophuka pamene panatsalira kaulusi kapena pamene bala silinakumane bwino. Amakadula m'mphindi zochepa. Chikope chokhota kapena chotembenukira kunja mopyola chimakonzeka, ndipo m'masiku oyambirira nthawi zina kumasula ndi kusokanso ulusi n'kokwanira.

Chimene sichidikira ndi diso losatsekeka munthu akagona. Vuto lomweli limawapezanso anthu a ndalama ku Johannesburg kapena ku Seoul amene amalipira kuti awadule khungu la zikope pofuna kuoneka achinyamata. Dokotala akadula lochuluka, diso limagona lili pululu, galasi limauma, ndipo pokonza amachita kutenga khungu kuseri kwa khutu n'kudzalumikiza. Kumeneko wodwala akapanda kukhutira amabwerera kwa dokotala mawa lake lomwe, ngakhale chodandaula chili maonekedwe chabe. Kuno mayi amene diso lake likufa amachita manyazi kubwerera, poopa kuoneka wosayamika thandizo laulere. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Si manyazi okha. Wotchola tiyi amadalira makilo a m'dengu lake, ndipo nyengo ya mvula, masamba akamaphuka mothamanga, tsiku limodzi la kuchipatala limaoneka ngati ndalama yotayika. Ndiye munthu amati ndipita mwezi wa June ntchito ikachepa. June akafika pabwera maliro, pabwera fizi. Pakadali pano amameta nsidze ndi lezala, zomwe n'zoipa kuposa kuzisiya, chifukwa nsidze yometa imatsala kachitsa kolimba kamene kamakanda kwambiri. Ena amathiramo madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, ngakhale mkodzo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingawongole tarsus yopindika, ndipo pa galasi la zilonda zimangolowetsa tizilombo. Akapitawo ndi mamanejala nawo aganizepo: munthu wogwetsa misozi diso limodzi mumzere wa tiyi si waulesi, akufunika tsiku loti akaonedwe popanda kuopa za ntchito yake.

Opaleshoni yachiwiri ndi yovutirapo kuposa yoyamba, chifukwa dokotala amacheka pamene pali kale chipsera cha matenda ndi cha mpeni. Imafuna manja ozolowera, n'chifukwa chake ena amatumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, mu mzinda wa Blantyre. Ngati nsidze zabwerera zochepa chabe ndipo zili kumbali, wachipatala akhoza kungophunzitsa wachibale kazulidwe koyenera ndi kachitsulo kaukhondo. Koma woganiza zimenezo akhale amene wayang'ana disolo ndi tochi, osati anansi.

Ngati muli ndi kholo kapena mnzanu wa pa ntchito amene anachekedwa chikope ndipo akumvanso ngati muli mchenga m'diso, mutengeni pamodzi ndi buku lake la kuchipatala mupite naye kwa a maso pachipatala cha boma ku Thyolo sabata ino. Chikope amachikonza kachiwiri, koma galasi la diso likayera silibwereranso.