Sola ya pasukulu pathu: tiyike pati, ndipo ikule bwanji?



Magetsi akathima nthawi ya Isha, tonse timakumbuka nkhani ya sola. Ambiri akuti tigule mapanelo ndi mabatire ambiri, tiwaike pa ofesi, kenako tikoke mawaya kupita kumzikiti, kumakalasi ndi kogona atsikana. Ndalamazo ndi sadaka ya anthu, choncho tisanavomere tione kaye mmene magetsiwa amayendera.

Magetsi a ESCOM ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi a mtundu wa AC. Amawakweza mphamvu ndi thiransifoma, n'chifukwa chake amayenda ulendo wautali, monga pa mawaya a mavoti 400,000 a pa Phombeya ku Balaka. Panelo ndi batire zimatulutsa DC, ndipo batire wamba ndi wa mavoti 12 basi. Magetsi otere amafooka msanga m'njira. Thomas Edison anakumana nalo vutoli mu 1882 ku New York: siteshoni yake ya DC inkangofikira nyumba zoyandikana nayo.

Tiwerengere limodzi, a Fomu 3 muthandize makolo. Zipangizo za mawati 120 pa mavoti 12 zimafuna ma ampere 10. Tinene kuti kogona atsikana n'kotalikira mamita 50 kuchokera pa ofesi. Waya amapita n'kubwerera, ndiye kuti ndi mamita 100. Pa waya wa kopa wa 2.5 mm², ma ampere 10 amenewa amataya pafupifupi mavoti 7 m'njira. Pa mavoti 12 aja, oposa theka angotenthetsa waya! Mababu akuwala ngati koloboyi, ife n'kumanena kuti wogulitsa watibera batire. Tikalumikiza mabatire awiri kuti apereke mavoti 24, ma ampere amatsika kufika pa 5, ndipo mphamvu yotayika imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Waya wonenepa amathandizanso, koma mtengo wa kopa tonse tikuudziwa.

Ife tikuona kuti n'kwanzeru kugawa: sola ina pamzikiti, ina kogona atsikana, ina kumakalasi, iliyonse pafupi ndi pomwe magetsi akufunika kwambiri. Ina ikawonongeka, zinazo zikuyakabe. Kuipa kwake n'kwakuti malo olondera akuba achuluka, ndipo komiti iganizire zimenezo.

Za kukula kwake, tisayambe ndi kufunsa mtengo kusitolo ku Liwonde. Tiyambe ndi kuwerenga zomwe tikufuna kuyatsa. Pamzikiti, mababu 10 a mawati 5 oyaka maola 4 amadya 200 Wh. Chimkuzamawu cha azana cha mawati 60, tikaphatikiza nthawi zonse zisanu ndi ulaliki n'kukwana ola limodzi, ndi 60 Wh. Zonse pamodzi 260 Wh pa tsiku. Panelo ya mawati 100 imapereka pafupifupi 400 Wh dzuwa likawala bwino. Batire ya 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma yamtundu wa asidi sitiyenera kuimwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Tiwerengere mwezi wa Ramadhani, pamene Tarawehi imatalikitsa usiku, komanso masiku a mitambo a Januwale ndi Febuluwale. Koma tisapyole muyeso. Panelo yaikulu pa batire yomwe yadzadza kale 11 koloko m'mawa ndi israf, ndalama zomwe zikanagula mabuku.

Batire ikhale m'chipinda chozizira, chopita mphepo, pakuti kutentha kwa kuno mu Okutobala kumaifupikitsa moyo. Panelo ipendekeke pang'ono kuyang'ana kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, chifukwa tili kummwera kwa equator. Amene wasokonezeka ayang'ane kumene timaloza poswali: kibula ya kuno ndi kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kummawa.

Tikupempha a Fomu 3 ayeze mitunda ya pakati pa nyumba zathu ndi kulemba zipangizo za m'chipinda chilichonse, kuti komiti ikadzakumana pambuyo pa Juma idzakhale ndi manambala m'manja, Insha Allah.