Mtolankhani ndi Malamulo Aakulu a Dziko

Munthu akagwidwa ndi apolisi pa nkhani ya kuba mbuzi, mudzi wonse umayamba kumutcha mbala tsiku lomwelo. Mtolankhani wosaphunzira malamulo amatola liwu lomweli n'kulimwaza pa wayilesi, ndipo dzina la munthuyo limada kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, woweruza asanamve n'komwe mlanduwo.

Komatu ndime 42 ya Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, imanena kuti wozengedwa mlandu aziyesedwa wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Imalamulanso kuti wogwidwa akaonekere kubwalo pasanathe maola 48, pokhapokha nthaŵiyo itathera pamene bwalo silikukhala. N'chifukwa chake ophunzitsa atolankhani amaumirira pa liwu lakuti "woganiziridwa", ngakhale omvera ena amaliyesa mantha chabe.

Malamulo omwewo amamutchinjirizanso mtolankhaniyo. Ndime 36 imapereka ufulu wofalitsa nkhani, pamene ndime 37 imapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga m'maofesi mwake. Ufulu wachiŵiriwu udakhala zaka zambiri wopanda mano, popeza panalibe njira yodziŵika yofunsira. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lofotokoza njirayo mu 2016, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Wolidziŵa lamuloli sapita kuofesi monyengerera ngati wopempha mchere kwa mnansi. Amapereka pempho lake motsata lamulo, ndipo akamanidwa popanda chifukwa chomveka, angathe kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lidapatsidwa udindo woyang'anira lamulolo.